Apongozi Anga ndi Mchenga wa Pansi pa Katungwe

Nditapuma ntchito ku galaja ya m'tauni, akulu a mpingo anaona kuti munthu wodziwa kugwira sipanala akungokhala pakhomo, ndiye anandipatsa bwalo losewerera ana pa sukulu ya mkaka ya mpingo wathu ku Chilenje. Kundifunsa sanandifunse. Anangolengeza Lamulungu kuti m'bale wathu wa ku Kabwata wavomera, anthu n'kuwomba m'manja, ine kukamwa kuli yasa pa benchi. Mkazi wanga anandigunda ndi chigongono kuti ndimwetulire, ndipo ndinamwetulira.

Koma ndisaname, ntchitoyo ndinaikonda msanga. Pabwalopo panali akatungwe atatu, chotsetsereka chimodzi chachitsulo, ndi matayala akale okwiriridwa theka, opakidwa penti yofiira ndi yachikasu. Lolemba lililonse ndinkafika ana asanabwere. Ndinkakankha mizati ndi phewa kuti ndimve ngati yayamba kusewera m'nthaka, n'kuyendetsa chala pa matcheni mfundo ndi mfundo. Mabawuti ndinkawamanga, polira ndinkathirapo girizi. M'mapaipi ndinkasuzumiramo poti mavu amakonda kumangamo, ndipo tsiku lina anandilandira ndi mbola pamlomo, moti ku msonkhano wa akulu ndinapita ndikuoneka ngati bakha. Matayala ndinawaboola kunsi kuti madzi a mvula asamakhalemo n'kuswa udzudzu, ndipo tayala likayamba kutulutsa mawaya ndinkalizula tsiku lomwelo. Magalimoto ndinawakonza zaka zambiri, koma palibe galimoto imene inandithamangirapo n'kundikumbatira mwendo. Ana aja ankatero sabata iliyonse, manja ali ndi phala.

Za pansi sindinkaziganizira. Munthu wa zitsulo amayang'ana zitsulo. Amene ananditsegula maso ndi bambo wina wosamalira bwalo pa sukulu ya anthu opeza bwino ku Kabulonga, kumene ndinapita kukawotcherera geti. Kumeneko pansi pa akatungwe anayalapo chimphira chofewa, ukapondapo chimabwerera. Ndinamufunsa ngati n'zokongoletsa chabe. Iye anati, “Ba mudala, chimene chipweteka mwana si chitsulo ayi, ni pansi pamene agwela.” Nditabwerera ku Chilenje ndinamenya pansi pa akatungwe athu ndi chidendene. Panali gwa ngati simenti. Sabata yomweyo kamtsikana kena kanataya tcheni n'kugwa chamutu, kanatupa pamphumi, ndipo makolo anakolezera nkhaniyo pa gulu lawo la pa foni mpaka aphunzitsi aakulu anazimitsa foni yawo.

Chimphira chija si cha mipingo ngati wathu. Ife tinapeza mchenga wa kumtsinje, lole yathunthu, mphatso ya mkulu wina amene ankamanga nyumba ku Chelstone. Ndinakumba pansi pa akatungwe ndi potsikira pa chotsetsereka, ndinazunguliza matayala, n'kuthira mchenga wakuya moti dzanja langa linkalowa kufika pakati pa mkono. Ndinakwera pa tayala n'kudumphiramo ndekha, ine ndi imvi zangazi, aphunzitsi akuseka pawindo. Unali wofewa bwino.

Tsopano ndinene za apongozi anga, amayi a mkazi wanga, chifukwa nkhaniyi ndi yawo. Anabwera kwathu kuchokera ku Katete amuna awo atamwalira. Kumudzi kunalibe wowayang'anira bwinobwino, ndipo matenda awo othamanga magazi ankafuna chipatala pafupi. Koma ife timakhala m'fulati ya m'mwamba, yopanda bwalo, yopanda ngakhale nkhuku yoti munthu aipirikitse. Mayi amene moyo wake wonse tsiku linkayamba ndi tsache anapezeka alibe poti asese. Ankangokhala pawindo kuyang'ana maminibasi. Chakudya ankangolawa, chitenje chinayamba kuwazungulira kawiri, ndipo Lachisanu lililonse ankafunsa mwana wawo kuti basi ya kum'mawa imanyamuka nthawi yanji. Mkazi wanga ankadziwa kuti akakwera basi imeneyo sitidzawaonanso ali moyo, ndipo ankalirira kubafa atatsegula mpopi kuti asamveke. Ndiye tsiku lina anakapempha aphunzitsi aakulu kuti amayi ake azikasesa pasukulu paja. Sipanathe mwezi apongozi anayamba kumaliza mbale, kuimba pa masitepe, ngakhale kudzudzula anyamata a m'fulati yapansi. Ana a pasukulu onse ankawatcha ambuya. Za basi sanazitchulenso. Tsache lija ndi limene linkawasunga mu Lusaka.

Ine ndi apongozi sitinkalankhulana. Si chidani ayi, ndi ulemu wa kwathu. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, sadya nawo pamodzi, ndipo mawu amadzera mwa mkazi. Kumudzi n'zosavuta, umangopatukira kuseri kwa nkhokwe. Koma tayesani m'fulati ya kanjira koti anthu awiri sangapatukirane. Ndinkatsokomola ndisanatuluke kuchipinda, iwo n'kutembenukira kukhoma, ine n'kudutsa chammbali ngati nkhanu. Ana athu ankatiseka kuti izi n'zamakedzana. Apongozi sankaziona choncho, ndipo inenso, kunena zoona, ndinkanyadira kuti zaka zonsezi sindinawalakwirepo.

Mchenga unayamba kuchepa. Sabata yoyamba ndinati ukukhazikika. Yotsatira, zala zanga zinagunda polimba chikhatho chisanalowe n'komwe. Yachitatu, pansi pa katungwe wapakati panali mbee, nthaka yofiira ija yabwerera. Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense ku galaja ankadziwa, ndipo ndinalunjika kwa mlonda wa pasukulupo, bambo wa ku Luapula wosavuta ndi munthu, n'kumufunsa kuti mchenga wa ana akuugulitsa kwa yani.

“Ba mudala, muli shani poyamba,” anatero iye, kundilonjera m'chilankhulo chakwawo, akupinda bulangete lake. “Ine mchenga niupeleke kuti? Nilibe na ploti. Bwelani m'mawa-mawa, muzaona mweka.” Ankalankhula akuseka, ndipo zimenezo ndiye zinandikwiyitsa kwambiri.

M'mawa mwake ndinafika kukungoyamba kuyera, n'kubisala kuseri kwa thanki ya madzi, paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wakuba uja anatulukira atavala chitenje cha amayi a mpingo, tsache kudzanja ili, beseni kudzanja ilo. Anali apongozi anga. Anawerama n'kuyamba kusesa mchenga uja mwaluso, kuuwunjika, kuuwolera m'beseni, kusenza n'kukataya kuseri kwa zimbudzi. Kumeneko kunali mulu waukulu umene sindinauonepo, chifukwa kuseri kwa zimbudzi ine ndinalibeko chitsulo. Atafika pa nthaka yolimba anawaza madzi, anapondaponda, n'kumalizira ndi timizere ta tsache tokongola tija. Kenako anaimirira manja m'chiuno, akuyang'ana ntchito yawo nkhope ili ngwee. Ine kuseri kwa thanki ndinkafuna kukuwa, ndinkafunanso kuseka, koma zonse ziwiri sizikanatheka. Ndinadikira mpaka atalowa kukasesa m'kalasi.

Nditamuuza, mkazi wanga anayesa kuwafotokozera madzulo ake, ine ndili kukhitchini ndikumva zonse.

“Amayi, mchenga uja anauthira dala. Ndi woti ana akagwa asapweteke.”

“Dala? Munthu n'kuthira dala zinyalala pabwalo la tchalitchi?” anayankha apongozi. “Odutsa aziti pano palibe azimayi. Iwe ndinakulerera pabwalo losesa, unathyoka pati?”

Ine ndi mlonda tinabweza mchenga ndi wilibala, iwo m'mawa mwake n'kuuchotsanso. Zinatero kawiri. Kenako aphunzitsi aakulu anandiitanira mu ofesi. Ndi mayi wabwino, koma makolo anali atamupanikiza. Anati, “Atate, ambuya timawakonda, ana amawakonda. Koma likafika Lachisanu pansi paja pali polimba, ndiwauza kuti apume kaye. Mwana wina akagwa, ine ndiyankha chiyani?” Kupuma kumeneko ndinkakudziwa. Kunali kubwerera pawindo paja, kenako basi ya kum'mawa.

Apa ndi pamene ndinachita nzeru zimene ndinkaziona ngati zakuya. Ndinagula mavwende awiri pamsika wa Chilenje, n'kuuza mkazi wanga kuti abwere kusukulu nthawi yopuma. Mbali imodzi ya akatungwe ndinabwezeretsa mchenga, mbali ina ndinaisiya momwe apongozi anaisesera. Ndinakwera pa makwerero chivwende chili m'manja, ndikulankhula ndi mkazi wanga mokweza monga mwambo umalolera, apongozi ali chapatali pansi pa mtengo wa mango.

“Mayi a ana, tiyerekeze kuti uwu ndi mutu wa mwana.”

Ndinachisiya pa nthaka yosesa ija. Phwaa, chinasweka pakati, zofiira zili mbwee. Chachiwiri ndinachigwetsera pamchenga, chinangoti phi, n'kukhala chathunthu. Ana anakuwa ndi chimwemwe n'kuthamangira zidutswa, aphunzitsi anawomba m'manja, mlonda anaseka mpaka kukhala pansi. Ine ndinatsika ndikudzimva ngati dokotala. Nditacheuka ndinaona apongozi atatsamiritsa tsache pa mtengo, akutuluka pageti osatsanzika munthu.

Kumva anamva. Koma anamvera pamaso pa aphunzitsi a msinkhu wa adzukulu awo, ndipo wowachititsa manyaziwo anali mkamwini. Tsiku lotsatira sanalawire. Linalo anakhala pawindo. Tsiku lachitatu ndinamva akuimbira foni mwana wawo wamwamuna ku Katete, alamu anga, kuti mvula ikayamba abwere adzawatenge. Mkazi wanga anandiikira tiyi patebulo mwamphamvu mpaka anatayikira.

“Mwapambana, bambo. Mchenga wanu uli phee. Ndiye mukondwe.”

Zinandiwawa, ndipo zinandiwawa koposa chifukwa pa za mchengazo sindinkanama.

Masiku amene apongozi sanabwere ndinkausamala ndekha mchengawo, ndipo ndinapeza kuti si simenti yoti uthire n'kuiwala. Mapazi a ana amaukankhira kumbali, pansi pa katungwe n'kutsala dzenje. Amphaka a m'dera lonse anamva kuti mpingo wawamangira chimbudzi. Mphepo ya Ogasiti inkabweretsa masamba ndi mapepala a maswiti, ndipo m'mawa wina ndinapeza botolo losweka limene chidakwa china chinaponya kudutsa mpanda, zidutswa zitabisala momwe mwana amalowetsa dzanja. Ndinagwada nthawi yaitali ndikupapasa, msana n'kundigwira, ndipo podzuka anachita kundikoka mlonda. Pa nthaka yosesa galasi limaoneka, mumchenga silioneka. Apongozi sanalakwe pa zonse ayi, ndipo ntchito imeneyi inkafuna munthu wa tsiku ndi tsiku, wodana ndi kachitsotso kalikonse.

Loweruka ndinapita ku Kamwala kukagula leki, chokokera cha mano chija, ndi waya wa sefa, n'kukhoma sefa yaikulu ya matabwa. Madzulo ndinavala jekete la kutchalitchi m'nyumba mwanga momwe. Apongozi anali pamkeka pabalaza. Ndinagwada pakhomo la balazalo nkhope nditalozetsa kukhoma, ndinawomba m'manja mwaulemu, mkazi wanga atakhala pakati pathu. Chipindacho n'chaching'ono moti ngakhale wonong'ona amamveka, koma mawu alionse ankayenda ulendo wake wonse.

“Mayi a ana, auzeni amayi kuti mkamwini wawo anapyola malire. Ndinalakwa kuchitira zija pagulu.”

“Amayi, akuti analakwa.”

Ine ndinapitiriza.

“Auzeninso kuti mchenga wandikanika. Muli magalasi, muli za amphaka, ndipo maso angawa saona kanthu kochepera bawuti. Sindikuwanyengerera ayi, ndikupempha thandizo.”

Mkazi wanga anabwereza, n'kuwonjezera zake zoti msana unandigwira mpaka kukokedwa ndi mlonda, zimene sindinamutume. Ndinamva apongozi akubweza kuseka.

“Uwafunse,” anatero, “chivwende chachiwiri chija, chosasweka chija, chinapita kuti?”

Chinadyedwa ndi aphunzitsi. Ndinaulula.

“Chimodzi kuswa, china kupatsa anthu a pantchito, apongozi awo osalawako. Uwauze kuti ndamva.”

Lamulungu pochokera ku tchalitchi ndinabwera ndi chivwende chachikulu kuposa aja, ndipo Lolemba ndinamva chitseko chikutseguka kusanayere bwino.

Sefa yanga anaikana. Anati ndi yolemera, ndi ya omanga nyumba. Anatenga lichero lawo lakale, anakhala pakati pa mchenga miyendo tambalale, n'kuyamba kupeta ngati akupeta mphale. Leki yokha ndiyo anailandira, chifukwa inkasiya mizere yokongola kuposa ya tsache. Madzulo a tsiku lomwelo tiyi wanga anabwera ndi kambale kena pambali. M'kambalemo munali misomali iwiri ndi kachidutswa kosongoka ka waya wowotcherera, kotalika ngati chala.

“Amayi akuti mwina n'zanu,” anatero mkazi wanga, nkhope ili bwinobwino koma mapewa akugwedezeka.

Zinali zanga. Ndinazigwetsa ndekha tsiku limene ndinkawotcherera chitsulo cha pamwamba pa akatungwe, mchenga utathiridwa kale. Ine woyendera bwalo, ine wa mavwende. Ndinaseka mpaka tiyi kunditsamwa, ndipo kuchipinda kwawo ndinamva apongozi akutsokomola chitsokomolo chimene sichinali cha chifuwa.

Kuyambira pamenepo bwalo linapeza mwini. Anadula kamtengo n'kukalemba mzere ndi mpeni, ndipo m'mawa uliwonse ankakazika mumchenga apa ndi apo. Pamene mzere waonekera ankakokerapo mchenga ndi leki mpaka ubisike. Ana akaweruka ankafunditsa mchengawo ndi masaka osokedwa pamodzi kuti amphaka akafune kwina. Kutentha kwa Okutobala kutafika ankaika kuseri kwa dzanja pa chotsetsereka, chikawotcha n'kuchiphimba ndi chitenje chonyowa, ndipo panalibe mwana wokwera mpaka iwo atanena. Mphunzitsi wina wobwera ndi nsapato za gogoda anabwezedwera m'mphepete mwa matayala, osatsutsa. Kamtsikana kaja kanagwanso, poti n'kosamva, koma kanadzuka kakulavula mchenga n'kukweranso.

Anayambanso kunditumizira mauthenga kudzera mwa mwana wawo. “Amayi akuti katungwe wapakati akulira mawu achilendo.” Ndinati ndi girizi chabe, koma nditakwera ndinapeza ngowe yachitsulo yokolekera tcheni itadyeka, yatsala ngati kamtengo ka machesi. Lolemba lomwelo ndinali nditaiyang'ana ndili pansi, osakwera, chifukwa cha ulesi basi. Iwo zitsulo sankazidziwa, koma kulira kwake ankakumva tsiku lililonse. Ndinasintha ngowe zonse, ndipo uthenga unabwera wakuti tsopano akulira bwino.

Mvula yoyamba itagwa, alamu anga anafika kuchokera ku Katete monga anauzidwira. Mawu a pa foni aja panalibe amene anawabweza, ife tinkaopa n'kuwakumbutsa komwe. Alamu anakhala pabalaza ndi mlongo wawo ndi amayi awo, ine ndili kukhitchini, malo anga a masiku onse, ndikupukuta kapu youma kale. Ananena kuti munda walimidwa, denga alifolera, ndipo basi ya mawa ili ndi malo.

“Mawa?” anatero apongozi. “Nanga mchenga apete ndani? Mvula yabwera, uyamba kugwirana, ufunika kuutembenuza tsiku ndi tsiku. Akamwini nzeru za zitsulo ali nazo, sindikana, koma ndi munthu wogwetsa misomali. Ana a eni ake ndiwasiyire ameneyo? Iwe pita ukadzale. Ukakolola udzandibweretsere mtedza.”

Chibadwire sindinanyozedwepo mokoma chotero. Mkazi wanga analowa kukhitchini ngati akudzatenga madzi, anandigwira mkono n'kuufinya, misozi ili chuchuchu, akuseka osatulutsa mawu. Kenako mawu anakwera kuchokera pabalaza.

“Ndipo uwauze ali kukhitchiniwo, ndikudziwa kuti akumva, kuti bawuti ya pa chotsetsereka yayamba kugwedera.”

Ndinadikira kuti mkazi wanga abwereze, koma sakanatha, ankangopukuta m'maso ndi chitenje. Ndiye ndinayankha ndekha, koyamba chikwatirire mwana wawo.

“Ndamva, amayi.”

Mkazi wanga anasiya kupukuta m'maso n'kundiyang'ana. Ndinaganiza kuti ndalakwanso.

“Mawa, ana asanafike,” anatero apongozi anga. “Mukandipeza komweko.”